Kodi kuwongola mano n'kudzudzula Mlengi?

Mwana amene mano ake akutsogolo sakumana amadziwika msanga akapatsidwa chimanga chowotcha. Anzake amaluma ndi kutsogolo, n'kumatembenuza chimangacho mzere ndi mzere mpaka kutsala chitsononkho, koma iye amachipendeketsa n'kuchikankhira kutsaya, kapena amangogonja n'kuyamba kutonola ndi chala. Nzimbe amasenda ndi mano a m'mbali. Nthuli ya nyama yolimba amaimeza isanaphwanyike. Akamatchula "sopo" kapena "sukulu", lilime limasuzumira pampata paja, ndipo anzake a m'kalasi sachedwa kumupezera dzina.

Pakhomo pamene pali mwana wotere, tsiku lina pamafika wachibale wodziwa za m'tauni, mwina malume ogwira ntchito ku Johannesburg, n'kunena kuti madokotala amakonza zimenezi ndi timawaya tomangirira m'mano, tija achinyamata amangoti ma braces. Yankho limachokera pamkeka pamene akhala agogo: "Musiyeni mwanayo, ndi mmene Mulungu anamulengera. Inu mukufuna kuposa Mlengi?"

Agogowa ndi osavuta kuwaseka, koma si iwo oyamba kunena mawu amenewa, ndipo ena amene anawanenapo anali anthu ophunzira kwambiri. Chimene akufunsa n'chakuti: thupi limene munthu wabadwa nalo ndi katundu wosungitsidwa woti akambweze momwe anamulandirira, kapena ndi munda woti aulime? M'kamwa ndi malo abwino oyeserapo funsoli, chifukwa mano omwe amatafunawo ndi omwenso amasekerera. Dokotala akawagwira, sizidziwika msanga ngati akuchiza kapena akukometsa.

Cha m'ma 200, mumzinda wa Carthage kumpoto kwa Africa, mlembi wachikhristu Tertullian anadzudzula akazi odzola zofiira m'masaya ndi kusintha mtundu wa tsitsi. Mfundo yake inali yakuti wosintha nkhope yake akuuza amene anaiumba kuti ntchito yake sinakwane. Cyprian, bishopu wa mumzinda womwewo amene anaphedwa mu 258, anayerekeza ndi mmisiri wojambula: munthu wina akabwera kudzawonjezera utoto pa chithunzi chimene mmisiri wamaliza, mwini chithunzi amayenera kukwiya. Buku la Mlaliki nalo, m'mutu 1 ndi mutu 7, limakamba za zinthu zokhota zimene munthu alibe nazo mphamvu, ngakhale kuti pamenepo mlembiyo akunena za mikwingwirima ya moyo, sakunena za m'kamwa.

Chisilamu ndiye chinafika pa mano penipeni. M'mabuku a hadith a Bukhari ndi Muslim muli nkhani yochokera kwa Abdullah ibn Mas'ud yotemberera akazi opala mano awo kuti pakhale mpata pofuna kukongola, ndipo mlandu wawo watchulidwa poyera: akusintha chilengedwe cha Mulungu. Akazi achikulire ndi amene ankachita zimenezi kuti azioneka ngati atsikana. Koma Imam al-Nawawi, katswiri wa ku Syria amene anamwalira mu 1277, pomasulira hadith imeneyi anaona kuti chiletsocho chagona pa cholinga cha kukongola, ndipo anati ngati munthu achita zimenezo pofuna chithandizo, kapena chifukwa dzino lili ndi chilema, palibe mlandu. Palinso nkhani ya Arfajah ibn As'ad, amene anadulidwa mphuno pankhondo Chisilamu chisanafike n'kupangitsa mphuno yasiliva. Mphunoyo itayamba kununkha, Mtumiki Muhammad anamuuza kuti apangitse yagolide, chikhalirecho golide ndi woletsedwa kwa amuna achisilamu. Mashehe ambiri a masiku ano amatsamira pa nkhani ziwirizi polola mawaya kwa munthu amene mano ake ali ndi vuto looneka.

Ayuda ali ndi nthano imene mlimi aliyense wa chimanga angaimve msanga. Buku lawo lakale lotchedwa Midrash Tanchuma limasimba kuti bwanamkubwa wachiroma Turnus Rufus anafunsa Rabbi Akiva kuti ntchito zokoma kwambiri ndi ziti, za Mulungu kapena za anthu. Ankafuna kumukola pa nkhani ya mdulidwe: ngati Mulungu amaufuna, bwanji mwana sabadwa wodulidwa kale? Akiva anabweretsa ngala za tirigu ndi mikate yophika, n'kuziika pamaso pake. Tirigu ndi wa Mulungu, mkate ndi wa manja a munthu, ndipo palibe amene amakana mkate ponena kuti Mulungu akanafuna akanaumeretsa m'munda. Agogo amene akukana mawaya aja, dzulo lake anali kuchigayo.

Mu 1958 Papa Pius XII, polankhula kwa madokotala a ku Italy a maopaleshoni okonza maonekedwe, anafika pa mfundo yofanana: ntchito yawo siitsutsana ndi chifuniro cha Mulungu ikamabwezeretsa thupi, ndipo ubwino kapena kuipa kwake kumaonekera pa cholinga. Motero zipembedzo zitatuzi zinadzera njira zosiyana n'kukumana pa mphambano imodzi, yakuti kubwezeretsa n'kololedwa koma kudzikometsa monyada n'kokayikitsa. Vuto lake n'lakuti wobwezeretsa amafunika kudziwa mmene chinthu chinalili poyamba. Mphuno ya Arfajah inalipo, inachita kudulidwa. Nanga mano amene anamera chikhotere, akubwezeretsedwa kuti?

Amene anayesa kuyankha ndi Edward Angle, dokotala wa mano wa ku America wobadwa mu 1855. Anthu ankakoka kale mano iye asanabwere. Pierre Fauchard wa ku France anafotokoza m'buku lake la mu 1728 kachitsulo kopindika ngati uta komangirirako mano ndi ulusi. Koma ambiri a iwo ankangofuna kuti mano akutsogolo afole bwino. Angle anati nkhani yagona pa mmene mano akumwamba ndi akumunsi amalumanirana. Mu 1899 anagawa kalumidwe kolakwika m'magulu 3, poyang'ana dzino lalikulu loyamba lotafunira. M'gulu loyamba mano aakuluwo amakumana bwino koma enawo ndi othithikana kapena okhota. M'gulu lachiwiri mano akumunsi atsalira kumbuyo, akumwamba n'kutuluka. M'gulu lachitatu akumunsi ndiwo atsogola. Magulu amenewa akuphunzitsidwabe m'sukulu za mano mpaka lero.

Chodabwitsa n'chakuti maganizo a Angle anali pafupi ndi a agogo aja kuposa a malume. Iye ankakhulupirira kuti chilengedwe sichilakwitsa, kuti munthu aliyense anapatsidwa mano 32 ndi malo okwana onsewo, ndipo kuzula dzino labwinobwino kuti ena apeze malo ankakuona ngati kuwononga. Ntchito ya dokotala inali kubwezera dzino lililonse pamalo amene linakonzedwera. Koma nkhope imene ankaitenga ngati muyeso inali ya Apollo Belvedere, chifanizo chamwala cha mulungu wachigiriki chimene chili ku Vatican. Calvin Case wa ku Chicago anatsutsa maganizo akewo pa mtsutso wotchuka wa mu 1911, koma Angle anali ndi ophunzira ambiri ndi mawu aakulu, ndiye anapambana. Amene anadzagwetsa chiphunzitsocho ndi wophunzira wake yemwe, Charles Tweed wa ku Arizona. Tweed anaona kuti odwala ake ambiri amene anawakankhira mano onse m'nsagwada zazing'ono, milomo yawo inkatukuka, ndipo akachotsa mawaya mano ankabwerera. Anawaitananso, n'kuzula mano 4 ang'onoang'ono a m'mbali, n'kuyambanso ntchito, ndipo mu 1940 anaonetsa anzake zotsatira za odwala 100. Nsagwada zambiri zinapezeka kuti zilibedi malo okwana mano 32.

Chifukwa chake chinadzadziwika ndi anthu ofukula mafupa. Zigaza za anthu akale amene ankadalira kusaka ndi kutola zakutchire zimaonetsa nsagwada zazikulu, mano operepeseka ndi ntchito koma ofola bwino, ndipo kawirikawiri mano akutsogolo a akuluakulu ankakumana nsonga ndi nsonga, osati akumwamba kuphimba akumunsi ngati mmene zilili ndi anthu ambiri lero. Raymond Begg, dokotala wa ku Australia amenenso anaphunzira kwa Angle, anaona zimenezi pa zigaza za Aaborijini n'kuzilemba mu 1954. Robert Corruccini anayerekeza achinyamata akumidzi ndi a m'tauni ku Punjab m'dziko la India, n'kupeza kuti odya zofewa a m'tauni ndiwo anali ndi mano osokonekera kwambiri. Mu 2004 Daniel Lieberman wa ku Harvard ndi anzake anayesa pa mbira zija zokhala m'matanthwe: zina anazilera ndi zakudya zophika zofewa, zina ndi zosaphika zolimba, ndipo zodya zofewazo mbali zina za nsagwada zawo zinakula mochepera ndi magawo 10 pa 100 alionse.

Tanthauzo lake ndi losavuta kumva. Kukula kwa dzino kunalembedwa kale mwana asanabadwe, koma fupa la nsagwada limakula molingana ndi ntchito imene likugwira paubwana. Mphika, mtondo ndi chigayo zinalanda nsagwada ntchito, nsagwada n'kuchepa, mano n'kutsala aakulu momwemo, ngati banja la anthu 10 losamukira m'nyumba ya chipinda chimodzi.

Pali kankhani kena kokoma pomwepa. Mu 1985 katswiri wa zilankhulo Charles Hockett ananena kuti mawu a f ndi v, amene amatuluka mano akumwamba akakhudza mlomo wakumunsi, sapezeka kawirikawiri m'zilankhulo za anthu osaka. Ambiri sanamukhulupirire, koma mu 2019 Damián Blasi ndi anzake anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Science woonetsa kuti mawuwa ndi osavutadi kutchula ngati mano akumwamba akuphimba akumunsi, ndipo kuti anachuluka padziko ulimi ndi zakudya zofewa zitafala. Akatswiri amene analondola chilankhulo chakale chimene Chichewa, Chiswahili ndi Chizulu zinachokerako amati munalibe f kapena v. Mawu ngati mvula ndi fupa anadzafika pamenepa pambuyo pake. Kusintha kumeneko kuli ndi zifukwa zakezake za m'chilankhulo, choncho si bwino kuthamangira kunena kuti nsima ndiyo inabala v wa mvula. Komabe aliyense angayese yekha kutchula "fodya" atatsogoza nsagwada yakumunsi kuti mano akumane nsonga ndi nsonga, amve mmene mlomo umavutikira.

Apa mawu a agogo aja ayamba kuterereka. Ngati kuthithikana kwa mano kwachokera, mbali yaikulu, ku phala, buledi ndi zakudya zongomeza, ndiye kuti mmene mwana walengedwera ndi mmene waleredwera zasakanikirana kale m'kamwa mwake, ndipo palibe amene angazilekanitse. Mpata wa mwana wa chimanga chowotcha uja nthawi zambiri umabwera ndi kuyamwa chala mpaka mano achikulire atayamba kumera. Koma mawu a Angle nawonso aterereka, chifukwa kalumidwe kamene ankakatcha kachilengedwe, ka mano akumwamba ophimba pang'ono akumunsi moyo wonse, n'kachilendo m'mbiri ya anthu.

Zina n'zakumtundu ndithu. Banja lachifumu la Habsburg ku Ulaya linkadziwika ndi nsagwada yakumunsi yotsogola, ndipo kukwatirana pachibale mibadwo yambiri kunakulitsa vutolo. Charles II wa ku Spain, amene anamwalira mu 1700, mano ake sankakumana n'komwe, moti kazembe wa England ku Madrid, Alexander Stanhope, analemba kuti mfumuyo inkameza chakudya chosatafuna. Palinso ana obadwa ndi mlomo wong'ambika kapena kumwamba kwa m'kamwa kosatsekeka, pafupifupi mwana mmodzi mwa 700 alionse, amene amavutika kuyamwa kuyambira tsiku loyamba. Pa ana amenewa ndi pamene anthu amakonda kufunafuna wolakwa, ena n'kuloza mayi, ena n'kuloza mfiti. Yohane mutu 9 amasimba za ophunzira a Yesu akufunsa funso lotere pa munthu wobadwa wakhungu. Yesu anakana kuloza munthu aliyense, n'kumuchiza.

Ndiponso si zoona kuti makolo akale ankasiya m'kamwa mmene Mulungu anamulengera. David Livingstone analemba m'buku lake la mu 1857 kuti Atonga a kumtunda kwa Zambezi ankagulula mano akutsogolo akumwamba ana akamakula, ati kuti afanane ndi ng'ombe, ndipo wokhala nawo manowo ankamuseka kuti akufanana ndi mbidzi. Atafika kuchigwa cha Shire mu 1859 anapeza akazi achimang'anja atavala pelele, kamkombero kolowetsa m'mlomo wakumwamba. Mpata wa pakati pa mano akutsogolo, umene ku Malawi kuno mtsikana amatamandidwa nawo ndipo akazi achiarabu aja ankachita kuupala dala, m'mabuku a madokotala a mano uli pamndandanda wa zinthu zotseka. Dzino lomwelo, mtundu uwu ukuligulula, uwu ukulipala, uwo ukulimanga ndi waya, ndipo aliyense akuti akukonza.

Chinthu chopanikiza mano tsiku ndi tsiku, kaya ndi pelele, chala kapena waya, chimawasuntha, chifukwa dzino silinakhomeredwe m'fupa ngati msomali m'thabwa. Muzu wake wapachikika m'dzenje lake ndi timinyewa ting'onoting'ono, pampata wosakwana theka la milimita. Dzino likamakankhidwa pang'ono koma mosalekeza, fupa la mbali imene likupanikiza limasungunuka, ndipo kumene likuchokera kumamera fupa latsopano. Limayenda pafupifupi milimita imodzi pamwezi, n'chifukwa chake mawaya amakhala m'kamwa chaka ndi theka kapena zaka 2. Dokotala sasema kanthu, amangonyengerera fupa kuti lichite zimene limachita kale. Wokhulupirira Mlengi ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene dzino linalengedwera lotha kuyenda, ngati silinayenera kusunthidwa.

Tsono thupi limapindula chiyani? Pamene vuto ndi lalikulu, phindu lake ndi losakayikitsa. Mwana amene mano ake akumwamba atuluka kuposa mamilimita 3 patsogolo pa akumunsi amakhala pangozi yowirikiza kawiri yothyola manowo akagwa kapena akawombedwa ndi mpira, ndipo kafukufuku wasonyeza kuti kuwabweza msanga kumachepetsa ngoziyo. Ena mano awo akumunsi amaluma nyama ya kumwamba kwa m'kamwa mpaka kuchita zilonda. Ena amachita kupotoza nsagwada kuti mano akumane, mano ena n'kumaperepeseka msanga. Amene nsagwada zawo zasiyana kwambiri kutalika amafunika mawaya pamodzi ndi opaleshoni yodula fupa n'kulisuntha, ndipo ambiri akachira amaluma ndi kutafuna bwino. Mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika sathera pa kusokedwa kokha. Kuwongola mano ndi mbali ya chithandizo chake kwa zaka zambiri. Pali ngakhale nkhani ya tulo. Munthu wa nsagwada yakumunsi yaing'ono, yobwerera m'mbuyo, lilime lake limagwera kukhosi akagona, n'kumaliza mkonono ndi kubanika kambirimbiri usiku umodzi, vuto limene limayendera limodzi ndi kuthamanga kwa magazi ndi kusinza masana. Kachipangizo kovala usiku kokankhira nsagwada kutsogolo kamathandiza ambiri a iwo.

Koma otsatsa malonda amalonjeza zoposa pamenepa, ndipo apa mpofunika kuchenjera. Amati mano owongoka sabowoka ndiponso usinini wake sudwala; umboni wa zimenezi ndi wofooka, chifukwa chimene chimabowola mano ndi shuga ndi kusatsuka, kaya manowo afola kaya akhota. Amati kuwongola mano kumachiza kupweteka kwa mfundo ya nsagwada, mutu, ngakhale msana. Kafukufuku wa zaka zambiri sanapeze kuti mawaya amachiza matenda a mfundo ya nsagwada kapena kuwayambitsa. Mawaya ali ndi zoipa zawo: wosatsuka bwino amatsala ndi mawanga oyera pamene dzino layamba kudyeka, ndipo mizu ya mano imafupikako pang'ono. Mano amakondanso kubwerera. Robert Little wa ku University of Washington anatsatira anthu amene anasiya kuvala zogwirizira mano, n'kupeza kuti patatha zaka 10 ndi pafupifupi mmodzi mwa 3 amene mano ake akumunsi anali akadali ofola bwino, ndipo patatha zaka 20 anali mmodzi mwa 10. Kutafuna nako sikulira mano onse 32. Arnd Käyser wa ku Netherlands anaonetsa mu 1981 kuti mano akutsogolo ndi ang'onoang'ono a m'mbali akakhala olumana bwino amakwanira, ndipo mu 1992 bungwe la WHO linaika mano 20 ogwira ntchito ngati cholinga choti munthu akalambe nawo.

Boma la Britain, polipira chithandizo cha ana ndi ndalama za misonkho, linakakamizika kujambula malire omwe aja amene al-Nawawi anajambula, koma ilo linagwira rula. Muyeso umene Peter Brook ndi William Shaw anausindikiza mu 1989 umaika ana m'magawo 5. Mano otuluka kuposa mamilimita 9, mano okanirira m'fupa ndi mlomo wong'ambika zili m'gawo lachisanu. Gawo limeneli ndi lachinayi amathandizidwa ulere. Mano okhota pang'ono, makolo amalipira okha. Koma ngakhale muyesowu unalephera kutaya maonekedwe kunja: mwana wa m'gawo lachitatu amamuyerekeza ndi zithunzi 10 za mano, ndipo ake akaoneka oipa mokwanira amalowa nawo.

Mpake, chifukwa manyazi nawo ndi ululu. Mtsikana amene amaseka ataphimba pakamwa ndi dzanja, amene sakweza mkono m'kalasi ngakhale akudziwa yankho, sakudwala matenda oti angaoneke pa makina ojambulira mafupa, koma palibe kholo limene linganene kuti ali bwino. Apa malire a pakati pa chilema ndi kunyada amafufutika. Ndi bwino kudziwanso zimene zinapezeka ku Cardiff, kumene ofufuza anayamba kutsatira ana 1,018 a zaka 11 ndi 12 mu 1981 n'kudzaonanso ena mwa iwo patatha zaka 20. Amene anawongoledwa mano anali ndi mano ofola bwino ndipo ankakhutira nawo, koma pa nkhani ya kudzidalira ndi mtendere wa mumtima atakula, sankasiyana kwenikweni ndi anzawo amene sanavalepo mawaya. Waya amathandiza mwana amene akusekedwa lero. Sagula chimwemwe cha moyo wonse, ndipo ana osekawo amafunikabe kudzudzulidwa.

Mlandu wa pamkeka uja, ukaweruzidwa mwachilungamo, agogo apambana theka. Akulondola pa mdzukulu wa mpata wokongola, kapena wa dzino limodzi lopendekeka pang'ono, amene amadya, kulankhula ndi kugona bwinobwino. Ameneyo alibe matenda, ndipo womuuza kuti ali ndi chilema akumuyeza ndi chifanizo chamwala cha ku Vatican. Koma pa mwana wolephera kuluma chimanga alakwitsa, ndipo mabuku a chipembedzo chawo chomwe sakuwaikira kumbuyo. Ulemu kwa Mlengi sungakhale chifukwa chosiyira mwana akumeza nthuli zosatafuna pamene njira yomuthandiza ilipo.

Njirayo ku Malawi ndi yopapatiza. Mpaka mu 2019 dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano a digiri. Onse ankakaphunzira kunja, ndipo analipo osakwana 50 m'dziko la anthu oposa 17 miliyoni. Maphunzirowa anayamba chaka chimenecho ku College of Medicine, imene tsopano ili mu Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo ndondomeko ya dziko ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Mawaya akadali a anthu ochepa a m'mizinda. Kwa anthu ambiri chimene chimasokoneza kalumidwe ndi dzino lobowoka limene lafika kuchipatala mochedwa n'kuzulidwa. Dzino laukhanda likachoka nthawi yake isanakwane, oyandikana nalo amasendera pamalopo, lachikulire n'kusowa pomera. Lachikulire likachoka, lakumbuyo kwake limapendekera m'mpatamo, ndipo limene linkalumana nalo limayamba kutalika chifukwa lasowa mnzake.

Dzino limene limatayika kawirikawiri motere ndi lomwe lija Angle anamangirapo magulu ake onse, dzino lalikulu loyamba lotafunira. Limamera mwana ali ndi zaka 6, kumbuyo kwenikweni kwa mano aukhanda, popanda lina lililonse kuguluka, n'chifukwa chake makolo ambiri amaliyesa laukhanda n'kulisiya libowoke poganiza kuti lidzagwa lokha. Kholo lofuna kuliona liwerenge kuchokera pakati pa mano akutsogolo kupita kumbuyo: ndi lachisanu ndi chimodzi, kumanja ndi kumanzere, kumwamba ndi kumunsi. Limeneli likazulidwa, palibe lina limene limamera m'malo mwake.